Mapazi a Alamu Pakhonde

Lolemba, 4 Ogasiti
Manyazi lero. Ine mphunzitsi wa jogalafe, digiri ili pakhoma, ndagwa chagada pamulu wa mchenga ndili pakati pofotokoza mmene mchenga umayendera. Nsapato imodzi osapezeka. Alamu, ang'ono awo a malemu amuna anga, kuseka mpaka kutsamwa: "Sukulu yonse ija, alamu?"
Afika dzulo, ati masiku awiri okha. Awatuma achibale kuti ndisamukire kutauni mchenga usanakwirire nyumba. Wafika kale pawindo la kukhitchini.

Lachitatu, 6 Ogasiti
Ndawaonetsa zonyadira zathu. Nsanja yakale ya nyale ya sitima. Chigoba cha bwato chomwe chimaoneka madzi akaphwa. Kaphiri kathu, komwe iwo akuti ndi chulu chonenepa.
Pokwera ndinati atsogole. Chakumbuyo ndi akulu awo enieni: khosi lomwelo, phazi lamanzere loloza kunja. Ndinachedwa dala.

Loweruka, 9 Ogasiti
Masiku awiri aja sanathebe. Shuga ndiye watha. Akonza chitseko chomwe chinalibe vuto.
Pamwamba pa kaphiri pali mwala womwe tinkakhalapo ndi malemu, kuwerenga mabwato n'kumanamizana. Alamu anakhala mbali yanga. Ndinangowasiya.

Lachinayi, 14 Ogasiti
M'mawa uliwonse amakankha mchenga pawindo. Madzulo wabwerera, ndi anzake. "Simungauthe uwu, alamu." Ngati sindidziwa! Ndimalembetsa ana mayeso pa zomwezi.
Koma kutauniko, kopanda kaphiri, ndizikakwera chiyani? Ndawayankha kuti sindisamuka. Kenako ndawaphikira zomwe akulu awo ankakonda. Uchitsiru.

Lachisanu, 22 Ogasiti
Anatsokomola kubafa ngati malemu, ine n'kuyankha, "Ndabwera, bambo." Pa chakudya ndawauza kuti basi ya Lamulungu sidzaza anthu.

Lamulungu, 24 Ogasiti
Apita. Atatsanzika katatu. Kwawo akanena kuti mlamu ndi wamakani, ndipo sakanama.
Andisiyira fosholo yatsopano, ndi nsapato yanga ija, yodzaza mchenga. Aifukula liti, kaya.
Pakhonde mchenga wa usiku uli mbee, mapazi awo alemba kuyambira pakhomo mpaka kumsewu. Lamanzere loloza kunja.
Tsache ndalibweza kuseri kwa chitseko. Mphepo imayamba masana. Mpaka nthawi imeneyo ndikhala pano.