Mapositala akusowa pamjigo

Lolemba, 9 Juni

Mapositala a katemera wa chikuku afika lero, ndipo chithunzi chake ndi changa! Kamtsikana kaja ndinakajambula mu Okutobala kumudzi wa kuseri kwa phiri, kovala diresi lachikasu, kakuseka, kakuloza pamene kabayidwa. Kulikulu asankha chimenecho. Abwana angoti "mwachita bwino," maso ali pa foni. Zilibe kanthu, ndasangalala ndekha.

Katemera ndi Loweruka. Kutsidya kwa mtsinje chikuku chagwira kale ana asanu ndi awiri, mmodzi agonekedwa m'chipatala. Kuseri kwa phiri kuli ana 140 ofunika kubaya, ndipo abale awo okulirapo amaphunzira sukulu imodzi ndi a kutsidya. Ntchito yanga ndi yoti amayi abwere ndi anawo. Akapanda kubwera, chikuku chiwoloka basi.

Ndakhoma asanu ndi atatu kumeneko: pamjigo, pachigayo, pasukulu, pagolosale, ena m'mitengo. Ndinali ndi a Chipewa, mayi wodzipereka amene amatithandiza m'mudzimo. Dzinali analitengera pa chipewa cha kampeni ya maneti chimene sachivula, mwina amagona nacho. Atawona positala anaiyang'anitsitsa. Kenako, "Alangizi, palibe ina?" Ndati ina yotani, iyi yachokera kulikulu. Timisomali amandipatsira ngati dzanja likuwawawa. Nsanje kapena? Mdzukulu wawo ndinamujambulanso tsiku lija koma sanasankhidwe.

Lachiwiri, 10 Juni

Asanu palibe. Tsiku limodzi lokha!

Poyamba ndimati ndi ana asukulu, koma ana amang'amba, pamatsala tizidutswa. Apa munthu wazula msomali umodziumodzi n'kuyindandalika bwinobwino pa simenti ya mjigo. Mbuzi sichita zimenezo. Ameneyu ndi wamkulu, ndipo sanali pachangu.

Ndinayambira pagolosale, kwa bambo aja anthu amawatchula kuti a Dokotala chifukwa amagulitsa mapiritsi limodzilimodzi m'kabotolo ka masiwiti. Mankhwala aulere sawakonda, ndimawadziwa. Ndawafunsa positala ya pakhoma pawo ili kuti. Akuti, "Ine pepala lanu ndikulungire chiyani mayi, nyuzi ndili nazo zambiri. Funsani anthu anu omwe." Anthu anga omwe? M'mudzimo munthu wanga ndi mmodzi.

Masana ndinayima pamjigo ndi chimkuzamawu, kulengeza za Loweruka. Masiku onse amayi amandiseka kuti ndikuwagonthetsa makutu, wina amandibwereza mawu. Lero ayi. Onse kundipatsa msana, mjigo wokha kulira. Ndikukwera njinga yamoto ndinamva wina akuti, "Alibe chisoni." Ndani alibe chisoni? Ine wopsa ndi dzuwa chifukwa cha ana awo?

Pali amene akuwauza zinthu. Ndimupeza.

Lachitatu, 11 Juni

Ndakhomanso asanu, ndalemba manambala kumbuyo ndi cholembera chofiira. Ndikaipeza pakhomo pa munthu asadzakane.

Abwana akufuna lipoti Lachisanu, lokhala ndi dzina. Akuti ngati ali wodzipereka achotsedwe, abweze njinga ndi chikwama. Zaka zisanu ndi zinayi a Chipewa akhala akuyenda nafe, nthawi ya kolera anali kutsogolo. Koma lero ndawayimbira kawiri, sanayankhe. Kachitatu ayankha, akuti anali kudimba. Dimba la masana dzuwa lili paliwombo?

Bambo a kunyumba akuti ndasanduka wapolisi, andigulire wezulo. Sindinaseke. Kutsidya odwala afika khumi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndawagwira.

Ndinalawira m'mamawa, njinga ndinaisiya kuseri kwa sukulu, ndinakakhala pa benchi ya kuchigayo pamene mjigo umaonekera. Posakhalitsa a Chipewa atulukira, supuni m'manja. Kuzula misomali ndi chogwirira cha supuni, kupinda positala pang'onopang'ono, kuyilowetsa m'chikwama chomwe chija tinawapatsa ife. Amayi anayi ali pomwepo, wina mpaka kuwagwirira misomali.

Ndinawapitira pomwepo. Ndati, "Mayi, mukudya nafe, mukutiphera ntchito kumbali?" Sanadzidzimuke n'komwe. Anayang'ana amayi aja, n'kundiuza motsitsa mawu, "Pano ayi, alangizi. Mawa mubwere, ndikakuperekezeni kwa mwini wake." Mwini wake uti? Mapositala ndi a ofesi.

Lipoti ndalemba kale, dzina lawo lilimo. Sindinatumize. Ndikufuna ndikamuone kaye amene wawatumayo, ndilembe awiri onse. Ndikuganiza kuti ndi a Dokotala.

Lachisanu, 13 Juni

Ndilembe bwanji izi.

A Chipewa anandidutsitsa pagolosale osayima. Tinakafika kumapeto kwa mudzi, pa kanyumba ka zenera limodzi. Panja panali mayi wachitsikana akuchapa matewera, khanda kumsana. Nkhope ndimayidziwa koma sindimakumbuka kuti ndinayionera kuti. A Chipewa anati, "Uyu ndi mwana wa mchimwene wanga." Mayiyo anapukuta manja, anatipatsa moni, n'kunena kuti tilowe.

Mapositala anga ali m'khoma. Khumi, kuyambira pakhomo mpaka pamwamba pa mphasa. Mawu onse anawadula ndi lezala, patsala kamtsikana kokha ndi diresi lake lachikasu. Ina inapindika pakona, nambala yanga yofiira ikuoneka. Ndisanatsegule pakamwa a Chipewa anati, "Mwanayu tinayika mu Febuluwale."

Malungo. Mvula inali itagwa masiku atatu, mtsinje utadzaza, anafika naye kuchipatala mochedwa. Ine mwezi umenewo ndinali kumaphunziro kutauni. Palibe anandiuza, inenso sindinafunsepo. Ndinajambula, mayi anadinda chala pa fomu yovomereza, ndinatumiza, n'kuiwala. Miyezi isanu ndi itatu. Pa fomupo palibe pofunsa ngati mwana akadalipo pofika tsiku losindikiza.

Ndinakhala pansi. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Mayiyo amalankhula modekha, zomwe zinandipweteka kuposa akanandikalipira. "Lolemba ndimapita kukatunga, ndangomuona ali pamjigo akundiseka. Chidebe ndinasiya pomwepo." Akuti iye akudziwa chimene chinatenga mwana wake, anali naye kumsana usiku wonse. Koma mwana atamwalira ena ankanong'ona kuti ndi jakisoni ya mu Okutobala. Nkhaniyo inali itazilala. Ine ndabwera kudzayikolezera, ndi misomali. Tsopano aliyense akuti taonani amene anabayitsa ali kuti.

Ndinafunsa a Chipewa chifukwa chake sanandiuze Lolemba. Akuti, "Ndinakufunsani ngati pali ina. Munati yachokera kulikulu. Ife za kulikulu timayankha? Ndimayesa mukudziwa." Amamatula kuti mwana wa mchimwene wawo azitha kufika pamjigo. Yoyamba ankafuna kuyibisa, koma mayiyo anaipempha. Alibe chithunzi china chilichonse cha mwanayo.

Ndinapepesa, mawu ake sindikuwakumbuka. Potuluka mayiyo anandifunsa kuti ndatsala nawo angati. Ndati makumi atatu. "Mundipatse. Musamamuike padzuwa, amasuluka."

Ndayimbira abwana. Funso lawo loyamba: "Fomu anadinda?" Ndati anadinda. "Ndiye palibe mlandu." Ndawauza kuti ine ndikukamatula m'midzi yanga yonse, andilembere kalata ngati akufuna. Akuti ayimbira kulikulu. Za dzina la mu lipoti ndati wolakwa wapezeka, ndi ine.

Masana onse tinayenda khomo ndi khomo ndi a Chipewa, wapansi, chimkuzamawu ndinachisiya. Paliponse ndimayamba ndi kunena kuti chithunzi ndinajambula ndine ndipo sindimadziwa. Ena amamvetsera, ena amangopitiriza kusesa. Agogo ena anandifunsa, "Ndiye mawa mudzajambulanso ndani?" Mayi uja khanda lake lili ndi miyezi khumi, lili pa mndandanda wanga. Sindinayerekeze kumuuza kuti abwere.

Loweruka, 14 Juni

Tinayala tebulo pansi pa mtengo wa pasukulu 8 koloko. Anesi ndi bokosi lawo lozizira la katemera, ine ndi makadi. Pofika 10 koloko tabaya ana asanu ndi mmodzi, atatu mwa iwo adzukulu a a Chipewa. Anesi kumangotsegula bokosi n'kutseka, akuti madzi oundana sadikira munthu. Amayi analipo ndithu, koma patali, kumpanda wa sukulu, ana kumsana, manja m'chiuno. Kubwera kudzaonerera.

Abwana anatumiza uthenga: zithunzi za mzere zifike isanakwane 12. Mzere wake uti? Ndinatulutsa foni kuti ndiwayankhe.

Pamenepo ndi pamene mayi wa kamtsikana kaja anatulukira kuseri kwa kalasi, yekha, khanda kumsana. Anadutsa pakati pa amayi aja osapatsa moni aliyense. Anafika patebulo, anamasula nsalu, anaika khadi la kusikelo pamaso pa anesi. Kenako anayang'ana m'manja mwanga.

"Alangizi, foniyo muike m'chikwama."

Ndinaika. Anandipatsa khandalo kuti ndiligwire mkono. Anesi akupukuta paphewa, ndinaona mayi mmodzi wachoka kumpanda kuja, akubwera pang'onopang'ono, akumasula mfundo ya nsalu pachifuwa.