Mzere Wachitatu, Kumanzere

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Kodi msana uja unasiya kuvuta? Kuno tilipo. Amayi ali ndi mphamvu, kupatula maso aja. Ng'ala yakula moti munthu amangomudziwira mawu.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumafulumira kunena kuti muli pantchito. Apa mundimva mpaka ndimalize.

Mwezi watha sukulu imene ndimaphunzitsa itatsekera, ndinawatenga amayi pa ulendo umene akhala akuulira zaka zonsezi, wokagwira dzina la bambo pa chipilala cha anthu amene anafera mumgodi. Anati maso apita, koma chala chikadalipo.

Tinayenda masiku atatu, pasitima kenako pabasi. Amayi anati tiziima pomwe pali manda akale, aone mmene anzathu amasungira akufa awo. Tinayamba ndi manda a asilikali a nkhondo yakale. Miyala yoyera yofanana, mizere yowongoka, udzu wometedwa bwino kuposa bwalo la sukulu yathu. Ndinkawawerengera zaka za akufawo, khumi ndi zisanu ndi zinayi, makumi awiri. Iwo ankangopukusa mutu kuti ana okhaokha.

Tsiku lachiwiri tinaima pa chipilala cha anthu amene anafa pomanga mlatho wa njanji. Panali mayina anayi a mabwana, ndipo pansi pake analemba kuti ndi antchito ena ambiri. Nditawawerengera, amayi anati ife ndiye amwayi, wathu analembedwa dzina, ndipo mwana wanga wamkulu anakaliona ndi maso ake.

Mwana wamkuluyo ndinu, achimwene. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo munapita kumeneko nokha. Mutabwerako munakhala pampando wa pakhomo n'kutiuza kuti dzina la bambo lili mzere wachitatu, kumanzere. Amayi analira, n'kukuthokozani pogwira manja anu onse awiri.

Tinafika kumgodiko Lachinayi m'mawa. Mgodi unatsekedwa kale, pangotsala chitsulo chachitali cha dzimbiri ndi mpanda wa waya. Chipilala chili pafupi ndi chipata, mayina makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu pa chitsulo chamkuwa. Ndinawerenga mzere wachitatu. Ndinawerenga mayina onse, kawiri. La bambo palibe.

Ndinawakhazika amayi pabenchi pansi pa mtengo, ndinati ndikukafuna madzi. Ndinapita kwa wosamalira malowo, mkulu wotsimphina amene anagwirapo ntchito mumgodimo. Nditatchula dzina la bambo anandifunsa ngati ndili mlongo wake wa mnyamata uja anabwera kale ndi funso lomweli.

Anandilondolera kuseri kwa tchalitchi chakale, ku manda a anthu wamba. Chiliza cha bambo chilipo, achimwene, monga mukudziwira. Chasimenti, chopakidwa laimu chaka chino, maluwa apulasitiki m'botolo. Analembapo kuti mwamuna wokondedwa, bambo wa ana atatu. Ife tilipo anayi. Chaka chimene anamwalira ndi zaka khumi ndi ziwiri pambuyo pa ngozi ya mumgodi ija.

Mkuluyo anati tsiku limene mgodi unagumuka bambo sanalowe pansi, anali atavulala dzanja. Pa nthawiyo n'kuti ali kale ndi mkazi wina. Ndiye anangotuma mnzawo kuti abweretse sutikesi yawo kwathu ndi uthenga woti anakwiririka. Anatinso inu munakhala pachilizapo mpaka masana, ndipo mkazi winayo anakulandirani kunyumba kwake, munamwa tiyi.

Munamwa tiyi, achimwene.

Zaka khumi ndi ziwiri zimenezo, bambo akudya ndi kuseka, amayi ankapalasa makina osokera mpaka miyendo kutupa kuti ife tiphunzire. Anakana amuna awiri abwinobwino, ati sangakwatiwe mwamuna wawo ali pansi pa miyala wopanda ngakhale bokosi. Ine ndinakula ndikunyadira bambo amene sindinawaonepo. Kusukulu ndinamenyanapo ndi mtsikana amene ananditcha wopanda bambo.

Tsopano ndiulule changa, chifukwa sindine woyera. Nditabwerera pabenchi amayi anali ataimirira kale, akukonza mpango wawo. Anati, “Mwanawe, wachedwa. Nditengere kwa bambo ako.” Ndinagwira chala chawo, ndinachiika pa mzere wachitatu, kumanzere, pa dzina la munthu amene sitimudziwa n'komwe. Anasisita zilembozo pang'onopang'ono. Anamuuza munthuyo kuti ana onse anakula, kuti wamkulu ali ndi ntchito yabwino kutali, kuti wamng'ono uja anamusiya m'mimba ndi mphunzitsi tsopano. Anamuuza kuti sanamuchititse manyazi.

Ine ndinaima pambali. Wosamalira malo uja anavula chipewa, n'kutembenukira kumpanda.

Mwina munganene kuti munawachitira chifundo. Nanenso ndinadziuza zomwezo m'basi pobwerera. Koma inu munanama kamodzi n'kukwera ndege. Ine ndimakhala nawo. Ndine ndimawathira mankhwala m'maso m'mawa uliwonse, akundifunsa ngati mkuwa uja amaupukuta, ngati dzina la bambo likuoneka bwino patali. Bwenzi mutandiuza ine ndekha, sindikanawakweza sitima masiku atatu kukawagwadiritsa kwa mlendo.

Nkhani siinathere pomwepo. Amayi abwerako ndi mphamvu zachilendo. Auza achemwali onse awiri kuti tchuthi chikubwerachi tipitenso tonse, ndi adzukulu onse asanu ndi awiri, kuphatikizapo ana anu, akaone dzina la agogo awo. Ayamba kale kusoketsa malaya ofanana. Adzukuluwo amadziwa kuwerenga, achimwene. Wachisamba wanu wa zaka zisanu ndi zinayi uja ndiye amawerenga ngakhale zikwangwani zam'msewu mokweza.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bwerani tchuthicho chisanafike. Musatumize mphatso, musaimbe foni. Mudzakhale pamaso pa amayi, ine ndidzakhala pambali panu, tidzawauze tonse awiri zimene aliyense anachita. Mukapanda kubwera ndidzawauza ndekha, ndipo sindidzakubisani. Ndakwiya nanu kwambiri, koma ndinu achimwene anga, ndipo sindikufuna kuti amayi adzamve zimenezi kwa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi ataima pa chipilala.

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mtima wolimba. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo amawakonda. Amayi andimva ndikulemba, ndipo akuti ndikuuzeni kuti dzina analipeza pomwe munanena paja, akuti zikomo.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi