Mphaka wa malemu Rozina

Achemwali anga,

Ndikhulupirira muli bwino ndi alamu kumsasa kutsidya kwa Ruo. Ife ku Mongue tilipo, kungoti amayi miyendo yatupanso.

Amphaka amene anthu anasiya pothawa nkhondo aswana m'mabwinja, tiana tawo tikungofa ndi njala. Ndiye ife a mumphakati wa kutchalitchi tayamba kuwatchera ndi dengu. Amphongo amawafula a Lorenso, ofula mbuzi aja, n'kuwadula kansonga ka khutu kuti tisawagwirenso. Akapola timawamasula azikagwira makoswe kunkhokwe.

Lachiwiri tinakola wakuda, wowonda, wolusa. Pakhosi pake ndinapeza kachingwe katalowa m'mnofu, kali ndi kamendulo ka Amayi Maria. Achemwali, ndi mphaka wa malemu Rozina wanu. Mwanayo anamumangirira tsiku munkathawa lija, ati Amayi Maria amusunge mpaka adzabwere. Mphaka anakula, chingwe sichinakule.

Ndachidula, bala ndikutsuka ndi madzi amchere, koma mchere watithera. Mutitumizireko pang'ono.

Kamenduloko ndakakulunga m'kalata muno, mukakaike pamanda pake. Mumuuze kuti mphaka wake anasungidwa. Zoti bwanji mwanayo sanasungidwe sindifunsa, ndingachimwe.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Anjelina