Ndinasesa Pansi pa Mkuyu

Okondedwa atsibweni,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nambuma tonse tilipo, kupatula bondo la amayi lomwe limavutabe kukazizira.

Nkhani yanga ndi ya Esnati, mtsikana wa m'kwaya ndinakuuzani uja. Nditatsimikiza mtima zomufunsira, malo ndi omwe anandisowa. Kutchalitchi maso ndi ambiri, kumsika wa Kasiya nako ndi phokoso lokhalokha. Ndiye ndinasankha mkuyu wa kudimba uja, Lamulungu masana, poti tsikuli sikukhala wothirira mbewu. Loweruka ndinapitako ndi tsache n'kusesa nkhuyu zowola ndi ndowe za mbuzi.

Titafika Lamulungulo, Esnati anayang'ana pansi n'kumwetulira.

"Kodi achimwene, kudambo kuno amasesako ndani?"

Mawu onse ndinakonza aja anathawa. Ndinangoti, "Ine ndikufuna banja."

"Ndikaganize kaye," anatero, monga amachitira atsikana. Koma chitenje chomwe ndinatenga ngati chikole anachilandira ndi manja awiri. Pobwerera ndi pomwe anaulula kuti amayi ake anandiona ndikusesa dzulo lake, ndipo m'mawa anamuuza kuti avale diresi labwino.

Tsono atsibweni, nkhoswe yanga ndinu, ndipo akwawo akudikira kumva kwa ife. Chonde bwerani pa Khirisimasi, kapena mutchule munthu woti akakuimirireni. Ine pansi pa mkuyu ndasesa kale, njira yopita kwawo ndasiyira inu.

Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Yohane