Mawanga Wabereka

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno ku Shimabala tilipo, kungoti tilipo. Chimanga takolola chochepa, mvula inathawa chisanakhwime. Mkazi wa Mabvuto wanu wabereka mwana wamkazi, akuti mphuno ndi yanu. Ndinamunyamula, ndinaiona mphunoyo, n'kumubweza kwa amake.

Koma nkhani ndi ya Mawanga, ng'ombe yanu ija tinakana kuipha pamaliro anu. Bere lake loyamba linakwana Loweruka. Ndinali pamsika ku Kafue ndi matimati anga pamene Mabvuto anandiimbira, ndinakwera minibasi. Mawanga ndinamupeza atagona m'khola chiyambire m'mawa, mwendo umodzi wa mwana uli kunja, winawo osaoneka. Foni ya dokotala wa ziweto inali yozima.

Ndinasamba mkono ndi sopo, n'kuupaka mafuta ophikira monga munkachitira, n'kuulowetsa. Mwendo winawo unali utapindikira kumbuyo. Ndinamubwezera mwanayo m'kati, ndinauwongola, mkono wonse dzanzi. Munkati ng'ombe ikakankha nawenso koka, ikapuma nawenso puma, pakuti yobereka ndi iyoyo, iwe ndiwe mlendo chabe. Ndinawauza zimenezo amuna amene Mabvuto anaitana. Koma mwana wanu mukumudziwa, sadikira ngakhale nshima kuti ipole. Nditapita kukatunga madzi ena, anamanga chingwe kumiyendo n'kukoka onse pamodzi, Mawanga akupuma.

Mwana anatuluka wamoyo, wamkazi. Mawanga anang'ambika m'kati. Anadzutsa mutu n'kumunyambita pang'ono kukhutu, magazi osaleka. Ndinamukama mkaka woyamba wachikasu uja akadali kupuma. Kenaka Mabvuto anatenga mpeni kuti nyama isawonongeke, aneba atafika kale ndi mabeseni. Posenda ndine ndinagwira mwendo. Mabvuto sindinamukalipire, sindinalire. Chichokereni inu sindikumva kanthu, Amayi, ndipo zimenezo zimandiopsa pang'ono.

Kamwanako kakugona kukhitchini pa saka. Kakamaliza botolo kamayamwa zala zanga, kenaka kamapita kukhola kukanunkhiza pamene anagona amake, n'kungoima pomwepo. Ine ndimakasiya kaime.

Mkaka ndikutenga kufamu yapafupi m'mawa uliwonse. Ndikalera mpaka kayambe kudya udzu, zimenezo ndakulonjezani. Dzina lokha sindinakapatse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Enelesi