Madiresi a Amayi Ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako. Nanga kamdzukulu kanga, mano aja atuluka? Kuno ndilipo. Chifuwa chija chayamba kuchepa, ndipo adokotala akuti mapapo anga ayamba kundikhululukira.

Lero ndakwanitsa masabata asanu ndi limodzi chisiyireni fodya. Unandilumbiritsa m'chipatala muja, ndipo lumbirolo ndikadalisunga. Koma ndisakunamize, mwanawe, likulendewera pa kaulusi. N'chifukwa chake ndalemba m'malo moimba foni, poti pafoni umangondiyamikira, ine n'kusowa polowera.

Chibaba si masewera ayi. Dzana ndinakalipira sowo ngati munthu. Pensulo yanga ya kukhutu ndaitafuna mpaka sikulembanso.

Ukudziwa kuti pa ukalipentala wanga wonse wotchi sindinkaifuna. Ndikamata mpando ndinkatuluka panja kuthawa utuchi, n'kusuta ndudu zitatu mosafulumira. Pobwerera, guluu wagwira. Tsopano ndilibe choyezera. Sabata yatha ndinamasula zopanira msanga, mnzanga wopenta uja n'kukhalapo kuti auyese. Tinangomuona ali pansi, miyendo m'mwamba. Anati chonde ndibwerere ku fodya iye asanathyoke msana. Tinaseka, koma ine ndinaseka ndi mano okha.

Zimenezo n'zazing'ono. Chandilembetsa ndi china.

Ukukumbukira kuti amayi ako, ndi ntchito yawo yochapa ndi kusita zovala za anthu, utsi m'nyumba sankaufuna ngakhale pang'ono. Ankati makasitomala awo sakufuna kumanunkha ngati ine. Ndiye ndinkasutira pakhonde, pansi pa zenera la chipinda chositira, iwo ali mkati ndi simbi yawo, akundinena kudzera pazenerapo. Ankati ndine chumuni choyenda. Ankati ndidzawasiyira umasiye. Nkhani zonse za banja lathu tinkakambira pomwepo, ngakhale za sukulu yako. Taona lero, wasiyira mnzake umasiye ndi iwo.

Atamwalira panalibenso wondithamangitsa. Ndinayamba kusutira pabalaza, kenako kuchipinda. Ndikaweruka ndinkatsegula wadiropu yawo, n'kukhala pabedi, kumangoyang'ana madiresi ali mmene anawapachikira, ndudu ili pakamwa. Chaka ndi miyezi inayi, tsiku lililonse. Ndinkati ndikucheza nawo. Zimenezi sindinakuuzepo.

Adokotala anandiuza kuti ndikasiya fodya mphuno idzatseguka, ine osalabadira. Lachinayi lapitali ndikupala thabwa, mwadzidzidzi ndinamva fungo la mtengo. Abale, kodi matabwa amanunkhira chonchi? Ndinaima ngati chitsiru, kumanunkhiza utuchi m'manja.

Pomwepo ndinaganiza za amayi ako. Fungo lawo lija la sopo, nsalu yotentha ndi mafuta ankadzola m'manja aja, ndinalimva komaliza iwe usanabadwe, mphuno yanga isanafe. Ndinasiya thabwa pomwepo, ndinauza wopenta kuti ndikubwera, n'kuthamangira kunyumba. Ine nkhalamba, kuthamanga mumsewu anthu akuona!

Ndinatsegula wadiropu n'kuika nkhope m'diresi lobiriwira lija. Fodya. Ndinatenga la kutchalitchi. Fodya. Mipango, mabulauzi, ngakhale timahanki tawo ta m'kona, zonse zikununkha ine. Ndinatulutsa chimodzichimodzi mpaka bedi linadzaza, ndikufunafuna m'khosi, m'khwapa, m'matumba. Sindinawapeze amayi ako paliponse.

Mayi amene anateteza zovala za anthu ena zaka zonse zija, zawo ndawaonongera ine ali m'manda. Ndinakhala pansi n'kulira, mwana wanga. Pamaliro sindinalire chonchi.

Azakhali ako atabwera Loweruka anapeza zovala zikadali pabedi. Anati ndingozichapa, utsi uchoka. Ndinawafunsa kuti sopoyo adziwa bwanji chochotsa ndi chosiya. Anangoti madzi akatayika saoleka, achimwene. N'zoona, koma wotaya madziwo ndine.

Atachoka ndinapita pagolosale n'kugula ndudu imodzi. Mwini golosale anati ankayesa ndinasiya. Ndinati ndi ya mlendo. Munthu wa imvi kunama ngati mwana wasukulu! Mumtima ndinkati mphuno imeneyi yandipweteka, kuli bwino ndiitsekenso. Wosamva fungo alibe chomusowa.

Ndinakhala nayo pakhonde, pansi pa zenera paja, machesi ali m'manja. Ndinkadikira kuti wina andinene. Zenera linali zii. Ndinakhala mpaka miyendo inachita dzanzi.

Sindinayatse. Komanso sindinaitaye. Ili m'thumba la jekete, ndipo pamene ndikulemba pano ndikuidziwa pomwe ili. Ndimamufuna fodya, usadabwe. Anali mnzanga pa njala, pa mkwiyo ndi pa maliro. Lero ndikumusowa ndipo ndikudana naye, zonse nthawi imodzi, moti sindikudziwa kuti ndikulirira ndani.

Tsono pempho langa ndi ili. Tsiku lomwe amayi ako anatisiya, unatenga juzi yawo yofiirira imene anavala masiku omaliza, n'kupita nayo kwanu. Ndi chovala chokhacho chimene utsi wanga sunachipeze.

Usaichape. Uiike m'jumbo, umange zolimba, uibise pamene mwana sangafike. Usaitumize, ndipo usabwere nayo kuno, chifukwa makoma a nyumba ino akadanunkha. Mwezi uno ukatha ndikwera basi kubwera ndekha. Ndidzasamba kawiri, ndidzavala malaya atsopano, ndiye udzandipatse ndikhale nayo kanthawi pandekha. Ndikadziwa kuti kuli chimene mphunoyi ikudikira, ndudu ija sindiyatsa.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti shelefu ndinawalonjeza ija ndidzaikhoma ndikabwera. Kamdzukulu kanga ukapsompsone pamutu. Azakhali ako akuti moni. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akupatse moyo wautali ndi mwamuna womvera kuposa amene amayi ako anapeza.

Ngati juziyo unaichapa kale, usandiuze. Ungondipatsa, unene kuti ndi momwe anaisiyira. Mphuno yanga ndi yatsopano, idzakhulupirira.

Ndine,
Bambo ako