Ufa wa m'chitini si petulo

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kunatentha koopsa, ndipo manyazi andigwira mpaka pano.

Mkazi wanga, amake Shakira, akudwala matenda a mitsempha aja adokotala amati MS. Amatopa asanagwire n'komwe ntchito. Mlamu wanga wa ku Joni anatumiza chitini cha ufa wa ma amino asidi, zomanga thupi, ati ena amamwa kuti kutopa kuchepe. Adokotala anati kuyesa angayese, koma si mankhwala ochiza, komanso asamakhale padzuwa. Ine ndinangomvapo za kuyesazo.

M'mawa ndinawasungunulira ufawo m'kapu, anamwa. Mumtima ndimati zili ngati njinga yanga ya kabaza, ukathira petulo imalira pomwepo. Ndisananyamuke kupita ku Liwonde ndinawauza amake Shakira apongozi akumva, "Lero mwamwa mphamvu, madzi mukatunge nokha." Mkazi wangayo anangondiyang'ana, anabereka mwana n'kutenga ndowa.

Masana ndili pa siteji foni inalira. Akuti amake Shakira miyendo inawafooka pa mjigo, anagwa. Mwana sanavulale chifukwa anagwa chafufumimba. Amayi a m'mudzi ndi amene anawanyamula.

Nditafika apongozi sanakalipe iyayi. Anangoti, "Bambo, ndowa ija ikadali ku mjigo." Ndinakaitenga ndekha amayi onse aja akuona, palibe anandipatsa moni.

Madzulo ano amake Shakira, maondo ali zilonda, andifunsa, "Kodi mwina ufa uja unachepa? Mawa muonjezere." Ndawauza kuti tisaonjezere, madzi ndizitunga ine ndisanapite ku siteji. Koma mawu oti pepani andikanika kutuluka pakamwa, mwina mawa...